Nsanjika ya Fisi pa Mphambano

Padangokhala tauni ina yaing'ono yotchedwa Mphambano. Inali pamene kamsewu kafumbi kochokera kumapiri kamakumana ndi msewu wa M1, uja wautali wochokera ku Nsanje mpaka ku Karonga. Nyama za kumeneko zinkadyera msewuwo. Malole ochokera kudoko la Beira ankadutsa atasenza feteleza ndi mafuta. Nyengo ya fodya ankadutsa ena opita ku Kanengo, mabelo ataunjikidwa mpaka kumwamba. Mabasi a pakati pa Lilongwe ndi Blantyre ankaima pang'ono, okwera n'kugula mbatatesi, tomato ndi kabichi kudzera pazenera, n'kumapita.

Pakati pa tauniyo panali bwalo. Kukongola ayi, silinali lokongola. Fumbi lokhalokha, mtengo umodzi wa kachere, ndi mjigo pakona. Koma m'mawa Bulu ankaimikapo ngolo yake. A Pusi ankatsamiritsapo njinga zawo za kabaza. Maminibasi ankapatuka pamsewu n'kukatsitsira pomwepo. Mayi Nkhanga ankaimirira m'mphepete mwake ndi ana ake, n'kuona msewu wonse uku ndi uku asanaoloke kupita kusukulu. Nayenso Njovu, wozimitsa moto wa tauni yonse, ankatembenukira pabwalo lomwelo, pakuti nyama ya msinkhu umenewo sitembenukira paliponse.

Tsiku lina Fisi anatsika basi kuchokera ku Johannesburg, kumene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito zimene sankakonda kufotokoza. Anabwera ndi nsapato zosongoka, bokosi lachitsulo lolemera, ndi chipepala chokulunga kukhwapa. Anaima pansi pa kachere, anamwaza maso pabwalo lija, dovu n'kuyamba kudontha.

Anakodola Bulu. "Malo onsewa akungokhala?"

"Sakungokhala, bwana. Si iyi ngolo yanga?"

"Ngoloyo imalipira zingati?"

"Silipira."

"Ndiye akungokhala," anatero Fisi. "Malo ongokhala sabala ndalama."

Anatambasula chipepala chija. Panali chithunzi cha nyumba ya nsanjika zinayi, magalasi okhaokha, mashopu 120. Kutsogolo kwake anajambulako magalimoto atatu, onse otsuka bwino, ndi kamtengo kamodzi kobiriwira. Nyama za pachithunzipo zonse zinkamwetulira. Minibasi panalibe. Lole panalibe. Mwana panalibe.

M'mawa mwake Fisi anapita kukhonsolo kukaonana ndi Bilimankhwe, mlembi wosunga chidindo. Bilimankhwe anam'landira diso limodzi lili papulani, lina lili pabokosi lachitsulo. Anati lamulo limafuna kuti eni tauni adziwitsidwe, kuti amene ali ndi dandaulo alembe kalata pasanathe masiku 14. Ndipo chidziwitso chinalembedwadi. Chinalembedwa m'Chingerezi, m'tizilembo tating'onoting'ono, n'kukhomedwa kunsonga kwenikweni kwa kachere, kumene akanatha kuwerenga ndi Nyamalikiti yekha. Nyamalikiti sankakhala m'tauniyo.

Mwayi wake, Pusi wina anakwera mumtengomo pothawa amene anam'kongoza ndalama. Anachipeza chipepalacho, anatsika nacho, ndipo dzuwa lisanalowe Mphambano yonse inali itamva.

Msonkhano unachitikira m'kalasi ya kusukulu. Woyamba kuimirira anali Kalulu. Nthawi zonse woyamba amakhala Kalulu.

"Abale anga, bwaloli tinalipeza, ndipo tidzalisiya! Maminibasi azikaima kuti? Pamitu pathu? Ine ndikali moyo, njerwa ngakhale imodzi siikhala pamenepa!"

Nyama zinaomba m'manja mpaka choko kugwa pabolodi.

Mayi Nkhanga anapinda bondo pang'ono, nati: "Zanga n'zochepa, akuluakulu. Ndili ndi ana 12, ndipo sukulu ili tsidya lino la msewu, ife tili tsidya ilo. Lero tikaima pabwalo timaiona galimoto ikadali kuchigayo. Mawa m'mbali mwa msewu mukadzadzaza magalimoto oima, mwana wanga wofupika chonchi adzaona chiyani? Matayala. Paja ife a Nkhanga timapangana kusanapse, n'chifukwa chake ndanena lero."

Bulu anafunsa za ngolo. A Pusi anafunsa za siteji yawo. Njovu, yemwe anaima panja mutu wokha uli pazenera, anati: "Ine ndimangofuna njira ya mamita 4, ndi potembenukira. Mukandisiyira zimenezo, mangani mpaka kumitambo."

Womaliza anali agogo Fulu. Anatenga nthawi kuti afike kutsogolo, akukoka chingwe chokhala ndi mfundo pamita iliyonse.

"Ine sindidziwa kulankhula," anatero. "Ndimadziwa kuyeza. Galimoto yaing'ono ikaima imadya mamita 5 m'litali, mamita 2 ndi theka m'lifupi. Mashopu ndi 120. Tinene kuti shopu iliyonse yakoka galimoto imodzi yokha. Mukawandandalika mumzere umodzi, ndi mamita 600. Tauni yathu yonse, kuyambira pachigayo mpaka pamlatho, ndi mamita 400. China n'chakuti pamsewu waukulu ngati uwu, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu, mbali iyi ndi mbali iyo, sipamangidwa. Zipilala zake zilipo, ndimazigunda ndi mphuno tsiku ndi tsiku. Khonde la pachithunzipa ladutsa chipilala."

Fisi anaseka kuseka kwake kuja. "Agogo, inu mwakulira m'fumbi, n'chifukwa chake mukulikonda. Ichi ndi chitukuko! Ntchito kwa achinyamata! Onani papulanipa. Kumbuyo kuli malo oimikapo magalimoto 40. Kumbali kuli njira ya a Njovu. Makomo awiri, masitepe awiri. Mukufunanso chiyani?"

"Pa 120 tikachotsa 40," anatero Fulu, "atsala 80."

"Amenewo adzaona okha."

Bilimankhwe ankalemba. Polankhula Kalulu anali wofiira psuu. Polankhula Fisi anali wobiriwira. Potseka msonkhano anali wa mitundu yonse iwiri, ndipo anati adzakumanenso Lachisanu.

Tsono Fisi ndi woyenda usiku.

Usiku woyamba anagogoda kwa Kalulu. "Achimwene, pakamwa panu m'pabwino. Munthu ngati inu n'kumangolankhula ulere? Magalimoto 80 aja adzafuna wowalozera poima. Wolozerayo adzavala jekete yonyezimira, adzanyamula kabuku ka malisiti. K500 galimoto iliyonse. Theka lanu, theka langa."

Kalulu anaimika makutu. "Nanga adzaima pati?"

"Pamsewu pali malo ambiri, achimwene. Akungokhala."

Usiku wachiwiri anagogoda kwa Bulu, nam'patsa ntchito yotuta mchenga ndi njerwa mpaka nyumba idzathe. A Pusi anawalonjeza siteji pageti penipeni, ndi ganyu yonyamula simenti. Njovu anam'pempha kuti adzakhale mlendo wolemekezeka wodula riboni, ndipo Njovu, amene chibadwire anali asanaitanidwepo ku chinthu chosayaka, anachita manyazi n'kuvomera. Kwa mayi Nkhanga anakhalitsa. Anafunsa mayina a ana onse 12, anadandaula za kukwera mtengo kwa makope ndi yunifomu, kenaka anati pakhonde padzakhala benchi imodzi yogulitsirapo mandasi, yaulere chaka chathunthu. Anawonjeza kuti adzapenta mizere yoyera yowolokerapo ana, ndi kuika zitunda pamsewu kuti magalimoto azichepetsa liwiro.

"Mizereyo mudzapentadi, bambo?"

"Penti ndagula kale, mayi."

Mayi Nkhanga anayang'ana ana ake ali m'tulo, anaganiza za makope, nangoti zikomo.

Kwa Fulu anapitako ndi envelopu. Fulu anangolowetsa mutu m'chigoba. Fisi anagogoda, anagogoda, anagogodanso, n'kubwerera ndi envelopu yake.

Lachisanu kunali Fanta, kunali mabanzi, kunali alawansi ya K5,000 kwa aliyense wosayina dzina. Kalulu anaimirira woyamba.

"Abale anga, nditaganiza mofatsa, ndaona kuti tisamakane zinthu tisanazione. Kodi tidzakhala a fumbi mpaka liti?"

Nyama zinaomba m'manja, koma mosamala, kuopa kutaya Fanta. Bulu anayang'ana pansi. Mayi Nkhanga anali kukonza mpango wake. Fulu anayambanso za mamita 600, koma wina kumbuyo anati, "Agogo, tinamva kale zimenezo," ndipo onse anaseka. Bilimankhwe analemba kuti eni tauni onse agwirizana nazo.

Fulu anapita kwawo, analemba kalata ya dandaulo, anaikamo miyeso yake yonse. Anapempha Pusi wina kuti am'kweze panjinga mpaka kukhonsolo, koma Pusi anati watanganidwa ndi simenti ya abwana. Fulu anauyamba wapansi. Anafika masiku 14 aja atatha dzulo lake. Bilimankhwe analandira kalatayo ndi manja awiri, mwaulemu, n'kuiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera. Chidindo chinali chitagwa kale papulani.

Kachere anadulidwa Lolemba. Mjigo anauzula Lachiwiri. Nyumba inayamba kukwera.

Itafika nsanjika yachiwiri, Fisi anazungulira kumbuyo, naona malo a magalimoto 40 aja ali see, atasalazidwa bwino. Anaima nthawi yaitali. Dovu linadontha.

"Apa pakhoza kukwana mashopu ena 30," anauza kapitawo.

"Nanga magalimoto, bwana?"

"Galimoto imabwera n'kupita. Shopu imalipira lendi mwezi ndi mwezi. Malo ongokhala sabala ndalama."

Mashopu 30 anamangidwa.

Itafika nsanjika yachitatu, anayang'ana njira ya Njovu. Mamita 4 m'lifupi, kuyambira kumsewu mpaka kumbuyo, popanda ngakhale nkhuku yodutsa.

"Moto unabuka liti m'tauni muno?"

"Papita zaka, bwana."

"Ndiye njirayi ikudikira chiyani?"

Anaigawa kwa okazinga tchipisi ndi owotcha kanyenya, chiwaya chilichonse malo ake, ndipo kumapeto kwake anamangako khoma kuti asamalowe osalipira. Khomo lachiwiri analisandutsa kashopu kogulitsiramo mayunitsi a foni. Masitepe achiwiri anawatseka ndi matabwa kukhala mosungiramo katundu. Pamasitepe otsalawo anakhomapo mashelefu a wogulitsa nsapato, kotero kuti okwera ndi otsika ankapatsana mpata cham'mbali. Iye mwini anadzisungira chipinda pamwamba penipeni, pamodzi ndi bokosi lake lachitsulo, kuti azitha kuona chuma chake chonse ali pazenera.

Bilimankhwe anabwera kudzayendera. Diso limodzi linaona khoma, lina linaona envelopu. Anabwerera ali wobiriwira.

Penti ya mizere ija inagwira ntchito yolembera dzina la Fisi pachipupa, m'zilembo zotalika kuposa Bulu.

Tsiku lotsegulira Njovu anadula riboni ataima pakati pa msewu, chifukwa kwina koti aime kunalibe. Magalimoto anaima kudikira kuti amalize. Tinganene kuti kuyambira tsiku limenelo sanayendenso bwinobwino.

Ogula anabwera, ndipo aliyense anabwera ndi matayala ake. Anaimika kumanzere kwa msewu, anaimika kumanja. Maminibasi, posowa popatukira, ankatsitsa ndi kukweza pakati pa phula, oitanira akukuwa, makondakitala akumenya zitseko. Malole obweretsa katundu m'mashopu ankaima pomwe afikira n'kuyamba kutsitsa matumba. Kumbuyo kwawo malole a ku Beira anandandalika mpaka kupitirira mlatho, mahutala kulira kuyambira m'bandakucha. A Pusi ankalowa ndi njinga zawo paliponse pooneka kampata. Oyenda pansi, poona kuti m'mbali mwadzaza, anayamba kuyenda pakati pa msewu.

Kalulu ndiye ananenepa. Jekete yake inkaoneka uli kuchigayo. Ankathamanga uku ndi uku, kabuku m'manja: "Bwererani pang'ono, bwana! Basi, basi! K500!" Eni nyumba za m'mbali mwa msewu ataona zimenezo anati, nanga ife? Aliyense anazula maluwa a pakhomo pake, anaika mwala ndi chikwangwani, n'kuyamba kulipiritsa. Bulu anabwereketsa ngakhale kanjira kopita kuchitsime. Usiku ankadandaula za phokoso ndi utsi, m'mawa ankawerenga ndalama.

Mayi Nkhanga ankakazinga mandasi kuyambira 4 koloko m'mawa, choncho ana anayamba kuoloka okha. Wamng'ono pa onse anali Kanthiti. Lachitatu lina anafika pamsewu mochedwa, anzake ataoloka kale. Kumanja kwake kunali lole yoima, tayala lake lalitali kum'posa kanayi. Kumanzere kunali minibasi. Anasuzumira pansi pa lole, anaona mafuta akudontha ndi miyendo ya oyenda. Anatchera khutu, koma mahutala onse ankalira pamodzi. Anakumbatira kope lake, anatulutsa mutu, anatulutsa phazi limodzi.

Nthawi yomweyo galimoto ina inali itapeza mpata patatha ola lathunthu ili pamzere, ndipo dalaivala wake anaponda moto ndi mtima wonse. Galimoto yothamanga makilomita 50 pa ola imadya mamita 14 pa sekondi imodzi. Pakati pa iyo ndi Kanthiti panali mamita 10.

Mabuleki analira. Kope linauluka.

Kanthiti anam'tola pansi pa lole ali moyo, mwendo utathyoka pawiri. Ambulansi inaitanidwa, koma inakodwa pamlatho kumbuyo kwa malole. Anam'nyamula Pusi panjinga, mayi ake akuthamanga pambuyo, manja ali ufa wokhawokha.

Fisi anatumiza paketi ya shuga ndi mawu achipepeso. Mayi Nkhanga anapita kukam'funsa za mizere ija.

"Mayi, msewu si wanga. Kafunseni a boma."

"Munati penti mwagula kale."

"Inatha. Kodi chaka chanu chaulere chija chitha liti?"

Mayi Nkhanga anabwerera pabenchi yake. Kalulu anati ngozi zimachitika kulikonse. Fulu sananene kanthu. Ankangoyeza mpata wotsala pakati pa magalimoto oima, ndipo mlungu uliwonse chingwe chake chinkatsala chambiri m'manja.

Kenaka malonda anayamba kuzilala. Madalaivala a mabasi aakulu anauzana kuti pa Mphambano ukaima sudzukanso, ndipo anayamba kukaimira kumisika ina ya kutsogolo. Tomato anawolera m'madengu. Ogula a magalimoto, atazungulira kawiri katatu osapeza poima, ankangopitirira. Eni mashopu anapita kwa Fisi kukadandaula. Fisi anawerenga ndalama za m'bokosi, anaona kuti zachepa, ndipo anakweza lendi. Anabwereketsanso kakhonde ka pansi pa masitepe kwa Nyenga, amene ankagulitsa petulo wa m'zigubu mafuta akasowa.

Linali Loweruka la kumapeto kwa mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tsiku la msika. Aliyense anali atalandira, aliyense anali pa Mphambano. Cha m'ma 11 koloko magetsi anazima. Wometa tsitsi analiza jenereta yake pafupi ndi zigubu za Nyenga, chifukwa pena poti aiike panalibe. Zimene zinachitika kenaka palibe amene anaziona bwino. Anangomva phuu!

"Moto! Moto! Itanani a Njovu!"

Za m'mashopu apansi zinathawa balalabalala. Za m'mwamba zinapanikizana pamasitepe amodzi aja, nsapato zikugwa m'mashelefu. Zina zinathamangira kukhomo lachiwiri n'kupeza loko ndi chikwangwani cha mayunitsi. A Pusi anasiya njinga, anakwera makoma, n'kumatsitsa anzawo kudzera m'mazenera mmodzimmodzi. Pa ichi chokha tiwayamike.

Njovu anathamangira kumtsinje, anadzaza chitamba, anabwera akugwedeza nthaka. Atafika pachigayo anaima. Kutsogolo kwake kunali magalimoto mizere inayi, mphuno kumchira, eni ake atakhoma zitseko n'kulowa mumsika. Akufunafuna poponda, Kalulu anatulukira ndi kabuku.

"Bwana Njovu, kuima pano ndi K500. Koma inu mwadya malo a magalimoto atatu, ndiye ikhala K1,500."

Tsono Njovu akakwiya amalira ndi chitamba. Analira. Madzi onse anathera pa Kalulu, phwaa, ndipo Kalulu anakapezeka m'ngalande, jekete ili kumutu.

Njovu anabwerera kumtsinje. Ulendo wachiwiri anazungulira kuti alowere kunjira yake ija ya mamita 4. Anapeza ziwaya zili ndandanda, mafuta akuwira, ndi khoma kumapeto. Anabwereranso kumsewu, anatukula phazi kuti angoponda pamwamba pa magalimoto, koma m'minibasi ya pansi pa phazilo munali ana akulira, chitseko chitapanikizidwa ndi lole. Anabweza phazi. Anapopera madzi ali pomwepo, patali. Madziwo anakafika pa dzina la Fisi pachipupa, n'kulitsuka bwinobwino.

Fisi anali pazenera la pamwamba, bokosi lili m'manja, utsi ukutuluka kumbuyo kwake.

"Chotsani magalimotowo! A Njovu adutse!"

Pansi, pakati pa matayala, panamveka mawu a Fulu. "Tiwachotse tikawaike kuti, bwana?"

"Kumbuyo!"

"Kumbuyo kuli mashopu 30."

"Pabwalo!"

"Bwalo ndi limene mwaimapolo."

Bulu anabwera ndi lona wa pangolo yake kuti Fisi adumphirepo. Koma lona amafuna kutambasulidwa, ndipo omugwira amafuna poima. Anayesa apa, panali minibasi. Anayesa apo, panali benchi ya mandasi. Anayesa pakhonde, panali njinga 20 zomangidwa unyolo umodzi. Lona anangokhala chopindika m'manja mwa Bulu.

Mchira wa Fisi unayamba kununkha.

"Abale anga! Achimwene! Agogo! Pezani malo ongokhala! Ngakhale pang'ono pokha!"

Fulu anatambasula chingwe chake, anayeza uku, anayeza uko, mosafulumira.

"Palibe, bwana. Onse akubala ndalama."

Fisi anayamba waponya bokosi. Linagwera padenga la minibasi, linatseguka, ndalama zinauluka. Zina zinapsera m'mwamba, zina zinagwera m'ziwaya, zotsalazo zinatoledwa ndi nyama zomwe zija zinasayina Lachisanu. Kenaka anatsinzina, nadumpha. Anagwera pakampata ka pakati pa lole ndi minibasi, pomwe paja anatulukira Kanthiti, ndipo anafikira miyendo yakumbuyo. Khu!

Ambulansi inakodwa pamlatho. Fisi anagona paphula lotentha mpaka madzulo, pamene eni magalimoto anabwera ndi makiyi awo. Miyendo ija inapola mokhota, ndipo mpaka lero mukamuona akuyenda, kutsogolo kuli pamwamba, kumbuyo kukukwekwereza.

Nyumba inapsa mpaka Lamulungu m'mawa. Palibe anafa, koma katundu wa mashopu 150 anasanduka phulusa, pamodzi ndi benchi ya mayi Nkhanga. Kunabwera komiti yofufuza, inakhala masiku asanu kumalo ogona alendo a kunyanja, inalandira alawansi. Bilimankhwe anaonekera pamaso pake ali wotuwa ngati phulusa lomwelo, moti ena sanamuone n'komwe. Anati ofesi yake sinalandirepo dandaulo lililonse m'nthawi yake. Wosesa ndi amene anapeza kalata ya Fulu pansi pa mwendo wa tebulo, isanatsegulidwe. Komiti inaiwerenga, inagwedeza mitu, inakopera miyeso yonse mu lipoti lake, n'kulemba kuti izi ndi zimene akatswiri apeza.

Tsopano inu amene mwakhala mukuseka miyendo ya Fisi, mukadzadutsa pa Mphambano musadzavutike kufunafuna Fulu, salankhula zambiri. Mudzafunse Kalulu. Mudzam'peza pamalo opsawo, chifukwa zipupa zitagwetsedwa magalimoto anayamba kuimapo, ndipo iye ali ndi jekete yatsopano. Adzakuuzani kuti woyamba kukana nyumba ija anali iyeyo, ndipo sadzakhala akunama. Bulu adzakuuzani kuti anafunsa za ngolo. Mayi Nkhanga sadzakuuzani kanthu, adzangokulozerani Kanthiti akubwera kuchokera kusukulu ndi ndodo yake.

Mwina mudzati zimenezi n'za nyama. Chabwino. Yendani wapansi mu Limbe kapena ku Old Town ku Lilongwe Loweruka la kumapeto kwa mwezi, mutagwira mwana pamkono, muwerenge kuti mwatsikira kangati m'msewu chifukwa poyenda anthu paima galimoto. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo, ndipo misewu inapumako kanthawi. Koma venda amanyamula benchi yake n'kuthawa. Nyumba ya nsanjika ikakhala pamalo olakwika, yakhala. Malamulo alipo. La mapulani a malo la 2016 limafuna chilolezo munthu asanamange, ndipo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziunikidwe kaye mmene zidzakhudzire anthu ndi malo owazungulira. Pa Mphambano napo pulani inali ndi chidindo, ndipo papulanipo njira ya Njovu inalipo.

Choncho mukadzamva kuti pamalo pamene maminibasi a kwanu amakhotera pakubwera chinyumba, pitani kukhonsolo mukapemphe kuona pulani ndi maso anu, ndipo kalata yanu ifike tsiku lisanapitirire. Kumsonkhano mukatenge chingwe choyezera. Mafunso anu mukafunse Fanta asanatsegulidwe, ndipo nyumba ikafika nsanjika yachiwiri, mukazungulirenso kumbuyo.